Mutu 5: Chitsekerero cha Nyumba Nambala 21

1. Pempho la m'mawa

"Kumeneko si kunama. Kunama kumafuna pakamwa."

"Nanga n'chiyani?"

"N'kutambasula dzanja basi. Iwe uli m'madzi, dzanja lili m'madzi, walitambasula. Unamvapo munthu ataimbidwa mlandu chifukwa chotambasula dzanja lake lomwe?"

Amene ankalankhula choncho anali a Ottavio, mmisiri womanga nyumba wa m'tauni yathu ya Ripacava. Ankalankhula ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Ilenia, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Linali Lamlungu lomaliza la Okutobala, m'mawa, khofi ali pamoto. Pathebulo panali chitsekerero cha botolo la vinyo, chija chopepuka chosamira m'madzi. Chinali chodindidwa nambala 21 ndi chitsulo chamoto.

Nyumba iliyonse yakale ya pamwamba pa thanthwe lathu ili ndi phanga pansi pake, ndipo m'phanga lililonse muli dzenje lomwe timalitcha mmero. Madzi a mvula ochoka padenga ndi pabwalo amalowa mummero, n'kutsata ngalande ya mkati mwa thanthwe mpaka kukatulukira kudziwe lochapira, kunsi kwa phiri.

Kamodzi pachaka, mvula yaikulu isanayambe, timayesa mimero. Mwini nyumba amaponya chitsekerero chake mummero n'kuthira ndowa makumi awiri za madzi. Chikatulukira kudziwe, ndiye kuti njira ili bwino. Chikapanda kutuluka, mawa lake amuna amabwera ndi mapiki.

Poponyapo palibe woyang'anira mnzake, chifukwa m'phanga mwa munthu simulowedwa popanda kuitanidwa. Makolo athu anaganizira zonse, mvula, thanthwe ndi dongo. Mmisiri wotsala ndi matumba asanu a simenti yekha ndiye sanamuganizire.

Mu Juni a Ottavio anathira miyala mummero wa nyumba yawo, n'kumata simenti, n'kuyala matailosi pamwamba. Phanga lonyowa lija linasanduka chipinda chouma, cha bedi, thebulo lowerengera ndi chitseko chotsekeka. Madzi a padenga anawapatutsa ndi paipi kuti azithirikira m'kamunda ka kuseri kwa nyumba. Kwa anthu anangoti aika chivundikiro chachitsulo pammeropo.

Chipindacho chinali cha Ilenia. Chibadwire chake ankagona pasofa m'khitchini.

"Ababa, mukanangowauza amalume Settimio," anatero Ilenia.

"Ndiwauze chiyani? Kuti mwana wanga wasiya kutsokomola? Kuti tsopano akuwerenga osanunkha anyezi? Settimio ndi munthu wa ngalande, Ilè. Ukamuonetsa chipinda, iye amaona dzenje."

"Nanga madziwo?"

"Madzi amalowa pansi. Ntchito yawo ndi imeneyo. Ndamanga nyumba zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo palibe khoma langa lomwe linagwapo."

A Loredana, amayi ake a Ilenia, anali kuchitofu, atatembenukira kukhoma.

"Ine ndinanena mu Juni," anatero osacheuka.

"Munanenadi, Loredà. Nanga makatani a m'chipindamo anasoka ndani?"

Amayiwo anaphula khofi.

Chaka chilichonse achinyamata awiri amasankhidwa kuti aime m'dziwe ndi sefa, n'kumatola zitsekerero zikamatuluka. Chaka chimenecho anasankhidwa Ilenia ndi mnzake Marzia. A Ottavio anaona ngati kumwamba kwawayankha.

"Akadziwa, mawa aphwanya pansi ponse paja," anatero motsitsa mawu. "Iwe ubwerera pasofa. Ine palibenso amene adzandiitane ngakhale kukakonza khola la nkhuku. Ukufuna zimenezo?"

Ilenia anayang'ana sofa ija, kenako anayang'ana bambo ake. Anatola chitsekerero chija n'kuchiika m'thumba la jekete.

2. Masitepe

Marzia ankamudikira pachipata chakale cha tauni atavala majombo a mchimwene wake.

"Mwadzuka, mayi bwana? Chipezereni chitseko chanuchanu mukudzuka ngati mkazi wa meya."

"Iwe, majombowo wawabwereka kapena akubwereka ndi iwowo?"

"Seka. Tikalowa m'madzi uzidzandipempha limodzi."

Kuchoka pachipata kukafika kudziwe pali masitepe mazana awiri ndi khumi ndi anayi. Ena amati ndi khumi ndi asanu, koma amenewo amawerengera mwala wina womwe si sitepe. M'chigwa munali mutadzaza nkhungu, ndipo kumwera kunkachokera kamphepo kofunda, konyowa, kaja kamatupitsa zitseko.

"Wakamva kamphepoka?" anatero Marzia. "Agogo akuti bondo lawo likuti mvula ibwera Lachitatu."

"Bondo la agogo ako linanenanso kuti kugwa chipale chofewa pa Pasaka."

"Linaphonya ndi sabata imodzi yokha. Wailesi imaphonya kuposa pamenepo."

Atatsika masitepe makumi anayi anafika pa Msewu Wakunsi. Nyumba za kumeneko zilibe mapanga ndipo zilibe manambala a mimero. Zinamangidwa mochita kutsamira thanthwe, moti khoma lakumbuyo la nyumba iliyonse ndi phirilo. Kwawo kwa Marzia ndi nyumba yachitatu. Ukaima pakhomo pawo n'kuyang'ana kumwamba, umaona mitengo ya tomato ya m'kamunda ka a Ottavio.

Ilenia sanayang'ane kumwamba.

"Khoma langa lija likutulukabe thukuta," anatero Marzia. "Paja ndinakuuza mwezi watha."

"Unandiuza."

"Tsopano pamera chuku chooneka ngati nkhope ya aphunzitsi a masamu. Ndikagona amandiyang'ana. Ndiye pabwera ndi mng'alu. Sabata yatha munkangolowa chikhadabo. Dzulo ndalowetsamo pensulo."

"Yonse?"

"Mpaka theka. Ndaisiya momwemo, ndapeza posungira."

Marzia anaseka. Ilenia anaseka pang'ono, mochedwa.

"Bedi lako lidakali kukhoma komweko?"

"Nanga ndiliike kuti, padenga? Si tonse tili ndi abambo amisiri. Amayi akuti awapempha abambo ako adzaone mng'aluwo. Akuti m'tauni muno mmisiri wosanama watsala mmodzi yekha."

Anapitiriza kutsika. Chapakati pa njira mwala wachikasu umatha, n'kuyamba dongo lotuwa. Pamalire pamenepo pamakhala ponyowa chaka chonse, ngakhale mu Ogasiti pamene udzu wonse wa m'chigwa wapsa. Ana amapatcha pa lamba. Marzia anatsetsereka pa ndere, n'kugwira jekete la Ilenia.

"M'thumbamu muli chiyani cholimba?"

"Chofufutira."

"Lamlungu? Iwe sukulu idzakupha."

3. Mawu a amalume Settimio

Kudziwe kunali kutasonkhana kale ana ndi okalamba, anthu osatha kunyamula ndowa. Pambali panaimikidwa thabwa lalikulu la mabowo, bowo lililonse ndi nambala yake.

Alendo amakonda kuwerenga thabwa limeneli mokweza. Amayamba 1, amafika 8, kenako amapeza 14. Mabowo asanu a pakatipo anapakidwa utoto wakuda. Mlendo wanzeru amati wolemba analakwitsa. Wanzeru kwambiri amayang'ana kumwamba, mbali ya phiri yomwe ikuoneka ngati yolumidwa, n'kusiya kufunsa.

Amene amasunga thabwali, n'kugawa zitsekerero zatsopano chaka chilichonse, ndi a Settimio, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu. Tonse timawatcha amalume ngakhale alibe mlongo. Ndi aafupi, oonda, chifukwa ngalande sizilemba ntchito anthu akuluakulu. Anakwawamo zaka makumi asanu akuchotsa mizu ndi matope.

Belu la kutchalitchi lisanalire, iwo amalankhula. Tsiku limenelo anakhala pamphepete pa dziwe, n'kuika chipewa pabondo.

"Ana inu, chaka chilichonse ndimanena zomwezi, ndipo chaka chilichonse mumayang'ana m'mafoni. Palibe kanthu. Inenso malemu Egisto, amene ankasunga thabwali kale, akamalankhula pano ndinkayang'ana atsikana. Koma khutu lilibe chitseko, mawu analowabe.

"Makolo athu sanakwere phiri ili chifukwa chokonda mphepo. Kuchigwa kuno kunali nthaka yabwino, madzi pafupi, msewu waukulu. Koma kunalinso malungo, ndipo mumsewumo munkadutsa asilikali, lero a mfumu iyi, mawa a mfumu ina, onse anjala. Ndiye anthu anakwera. Atafika pamwamba anapeza kuti ena anakhalapo kale n'kutha, aja aphunzitsi anu amawatcha Aetrusiki. Anthu amenewo sanasiye nyumba ngakhale imodzi yoimirira. Anasiya manda ndi ngalande. Za manda ndikumvetsa, aliyense amafuna pogona. Koma munthu wopanda magetsi, wopanda makina, n'kukumba thanthwe chogwada kuyambira pamwamba mpaka pano, ameneyo anali ataona china chake."

"Anaona chiyani, amalume?" anafunsa Marzia, yemwe ankadziwa yankho koma ankadziwanso kuti nkhalambayo imadikira kufunsidwa.

"Anaona chomwe akhalira. Thanthwe lathuli ndi phulusa la phiri lamoto lomwe linazima anthu asanabwere. N'lofewa, mumalidula ndi sowo. Limamwa madzi ngati buledi. Pansi pake pali dongo, ndipo dongo silimwa. Madzi akafika pa lamba paja amaima, dongo n'kusanduka sopo. Ndiye tchalitchi, sukulu, bedi lako, zonse zakhala pa buledi, buledi wakhala pa sopo. Ntchito ya mmero ndi kutulutsa madzi asanafike pa sopopo.

"Chilimwe chathu chimapusitsa. Miyezi inayi dzuwa lokhalokha, munthu n'kuyamba kuganiza kuti amakhala m'dziko louma. Kenako Novembala amakhuthula m'masabata atatu mvula yomwe anzathu a kunyanja amailandira theka la chaka. Amene amamanga mu Juni amaiwala Novembala. Zimenezi ndaziona kambirimbiri."

Ilenia anaika dzanja m'thumba. A Settimio sankayang'ana iye. Ankayang'ana mabowo akuda aja.

"Nthawi ya agogo anga, mwini nyumba nambala 11 ankasunga tchizi m'phanga mwake. Mpweya wa mummero unkamuwonongera tchizi, ndiye anatsekapo ndi miyala ndi dothi. Sanali munthu woipa. Ndimafuna mumve pamenepa, chifukwa mumaganiza kuti zinthu zotere amachita ndi anthu oipa. Anali ndi ana asanu ndi awiri, ndipo tchizi ndiye chinali chakudya chawo. Chaka choyamba sipanachitike kanthu. Chachiwiri sipanachitike kanthu. Ena anayamba kunena kuti munthuyu ndi wochenjera, mwina nafenso titseke. Chaka chachitatu, mu Novembala, masana anthu akudya, mbali ija inatsika. Nyumba zisanu za pamwamba, ndi zinayi za pa Msewu Wakunsi zomwe zilibe ngakhale bowo pathabwa pano.

"Mwini tchizi uja anapulumuka. Anali kumsika. Anakhalanso ndi moyo zaka makumi atatu, ndipo agogo anga ankati palibe amene anamumenya kapena kumutukwana. Ankangomupatsa moni. Iye ndi amene sankayankha.

"Madzi sadziwa dzina la munthu, ana inu. Amangofuna njira. Ukawatsekera yako, amabwereka ya mnzako wa kunsi, ndipo sapempha. N'chifukwa chake chitsekerero chikapanda kutuluka sitichita manyazi. Mizu imatseka, makoswe amatseka, matope amatseka. Timakumba, timamwa vinyo, nkhani yatha. Chomwe ndimaopa ine si chitsekerero chosatuluka ayi. Ndatha. Lowani m'madzi."

Kumwamba belu linayamba kulira.

4. M'dziwe

Madzi a m'dziwe anali ozizira moti Ilenia anamva mano kuwawa. Iye ndi Marzia anaima maondo m'madzi, wina uku wina uku, sefa ili pakati, moyang'anana ndi kamwa la ngalande.

Kwa kanthawi sikunatuluke kanthu. Kenako mkati mwa phiri munamveka kulira ngati m'mimba mwa ng'ombe, ndipo madzi ofiirira anatuluka ndi masamba, timiyala ndi supuni imodzi.

"Ya ndani supuni?" anafunsa Marzia akuikweza m'mwamba.

"Ya nambala 30," inayankha nkhalamba ina. "Akhala akuimba mlandu mpongozi wawo chaka chonse."

Chitsekerero choyamba chinali cha nambala 36. Marzia anachitchula mokweza, n'kuchiponyera a Settimio, iwo n'kuchilowetsa m'bowo mwake. Kenako 4, kenako 17 ndi 18 pamodzi, zomwe zinaseketsa anthu chifukwa eni nyumba ziwirizo sayankhulana.

Anthu a pamwamba anayamba kutsika, amuna malaya atanyowa, amayi atanyamula buledi, mafuta a azitona ndi matawulo. Aliyense akafika ankayamba wayang'ana thabwa, kenako n'kupereka moni.

Mabowo ankadzaza. Anatsala khumi, kenako asanu ndi limodzi.

Ilenia anatulutsa dzanja m'thumba atafumbata, n'kuliviika m'madzi pafupi ndi sefa. Madzi anali akuda, palibe akanaona. Marzia anali atawerama, akufunafuna m'masamba, tsitsi lili kumaso.

"Zala zanga zafa," anatero Marzia. "Ndikafika kunyumba ndikalowa m'bulangete mpaka mawa. Aphunzitsi a masamu andiyang'ane mmene angafunire."

Dzanja la Ilenia linakhala m'madzimo nthawi yaitali. Kenako linatuluka lili chifumbatire, n'kubwerera m'thumba.

"Wagwira chiyani?"

"Palibe. Mwala."

Anatsala mabowo atatu, kenako awiri: 21 ndi 33. Mwini nambala 33, wometa tsitsi, anayamba kufotokozera aliyense kuti chitsekerero chake n'chaulemu, chimadikira anzake adutse. Chitatuluka anavula chipewa n'kuchiweramira.

Linatsala bowo limodzi. Madzi anayamba kuchepa ndi kuyera. Anthu anasiya kucheza.

"Mmero wa mmisiri," anatero wometa uja. "Paja wosoka nsapato amayenda ndi nsapato zong'ambika."

Ena anaseka, koma mosakweza. A Settimio anatulutsa wotchi. Mwambo umati tidikire mphindi khumi madzi akayera.

Ilenia anaona amayi ake akutsika sitepe lomaliza ndi thawulo paphewa. A Loredana anayang'ana thabwa, n'kuyang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana thumba la jekete lija. Kenako anazungulira gulu la anthu, n'kukagwada pambali pa kamwa la ngalande ngati munthu wofuna kusamba m'manja. Anakwinya mkono wa malaya. Dzanja linalowa m'madzi lofumbata, n'kutuluka lotambasula.

Ku Ripacava chitsekerero chikatha ntchito chimabwezedwa kwa mwini wake, ndipo amayi ambiri amasunga zakale m'botolo pawindo. A Loredana anali nazo khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Kanthu kakang'ono kanayandama, n'kuzungulira kawiri, n'kukakhudza sefa. Marzia anakatola.

"Nambala 21," anatero mokondwa. "Ilè, chanu chija. Chimangodzikongoletsa kaye."

Anthu anaomba m'manja. A Settimio analandira chitsekererocho, n'kuchitembenuza m'zala zawo. Maso awo ndi okalamba. Anachilowetsa m'bowo.

"Thabwa ladzaza," anatero. "Mvula ibwere."

5. Ziwiri

A Ottavio anafika anthu akudula buledi. Anali atanyowetsa malaya awo bwinobwino, ngati munthu amene wanyamula ndowa makumi awiri. Anayang'ana thabwa, nkhope yawo n'kumasuka. Anapita pomwe Ilenia ankapukuta miyendo, n'kumugwira paphewa.

"Mwana wanga," ananong'ona. "Waona? Dziko silinagwe."

"Sindinaponye ine."

"Chiyani?"

Ilenia anatsegula thumba pang'ono kuti aone. A Ottavio anayang'ana m'thumbamo, n'kuyang'ana thabwa. Kenako anacheukira akazi awo, omwe ankathira mafuta pa buledi ndi mkono umodzi wonyowa mpaka m'chigongono.

"Ndiye zatha bwino kuposa mmene ndinaganizira," anatero pang'onopang'ono. "Iwe sunachite kanthu. Manja ako ndi oyera. Pita ukadye."

Zinalidi choncho. Ilenia sananame, sanaponye, sanatambasule dzanja. Chipinda chinali chikadali chake. Akanatha kukwera masitepe aja, kukaponya chitsekererocho m'chitofu, n'kukhala mtsikana wosalakwa mpaka Lachitatu.

Amayi ake a Marzia anabwera ndi mbale ya buledi.

"A Ottavio, ndimakufunani. Muli ndi mpata sabata ino? Khoma la m'chipinda cha mwanayu lang'aluka pang'ono."

"Nyumba zakale zimapuma, mayi. Ndidzabwera ndidzamate."

"Mvula isanayambe?"

"Ikangodutsa iyi. Simenti sigwira pakhoma lonyowa."

"Mwatithandiza. Ndinamuuza Marzia kuti mukaona inu, tigona mtima uli m'malo."

Ilenia anapinda thawulo lija n'kuliika pamwala. Anayamba kuyenda kulowera kuthabwa. A Loredana anamuona.

"Ilè," anaitana motsitsa. "Bwera udye kaye."

Sanaime.

"Ilenia," anatero a Ottavio.

A Settimio anali akumanga chingwe choti anyamulire thabwa. Ilenia anaima patsogolo pawo, n'kutulutsa chitsekerero chija, n'kuchiika pamwala pafupi ndi bondo lawo.

"Amalume, ichi ndi chomwe munatipatsa dzulo."

Nkhalambayo inachitola. Inazula chija cha m'bowo la 21, n'kuziika pamodzi pachikhatho, pafupi ndi maso. Nambala ya chimodzi inali yakuda bii, yodindidwa dzulo. Ya chinacho inali yofufuma, m'mbali mwake mutatha.

Amene anali pafupi anasiya kutafuna.

"Chimenechi sichinalowe mummero," anatero Ilenia. "Sichingalowe. Mmero wathu unatsekedwa ndi simenti mu Juni. Pamwamba pake pali bedi langa."

"Mwanayu wazizidwa," anatero a Ottavio akuyesa kuseka. "Settimio, tikambirane kunyumba, ngati akuluakulu."

"Tikambirana," anayankha a Settimio. Sanakweze mawu. "Koma yamba wandiuza, madzi a padenga pako unawalozera kuti?"

Anayankha ndi a Loredana, maso ali pansi.

"M'kamunda ka kuseri. Ndipo chakalecho ndaponya ndine. Mwanayu anakana."

Aliyense wa ku Ripacava amadziwa chomwe chili pansi pa kamunda ka a Ottavio. Mitu inatembenuka, ina kuyang'ana kumwamba, ina kuyang'ana amayi ake a Marzia, omwe anali chiimire ndi mbale ija m'manja.

A Settimio anavala chipewa, n'kuimirira mogwira thabwa.

"Amuna, siyani vinyoyo. Mapiki lero, osati mawa, mphepo iyi sindikuikhulupirira. Inu mayi, lero palibe wogona m'chipinda chakumbuyo, ndipo muuze a nyumba ziwiri zoyandikana nanu. Ottavio, iwe ndiye ukudziwa pomwe unathira. Utsogole. Usaweramitse mutu, tikufuna manja akowo."

Bowo la 21 analisiya lopanda kanthu.

Anthu anayamba kukwera. A Ottavio anadutsa pafupi ndi mwana wawo osamuyang'ana. A Loredana anasonkhanitsa matawulo limodzilimodzi, n'kuwapinda mosamala kwambiri, ngati ntchito ina padziko palibe.

Ilenia anatsala pafupi ndi dziwe. Atacheuka anapeza Marzia ataima kumbuyo kwake, sefa ili m'manja, madzi akudontha m'majombo aakulu aja. Sankaseka.

"Ndinakhalapo pabedi limenelo," anatero Marzia. "Tinadyerapo mphesa. Ndinakuuza za khoma langa tili pomwepo."

"Marzia, ndanena. Waona kuti ndanena."

"Ndaona. Wanena lero."

Mphepo ya kumwera inakankha masamba pamwamba pa madzi. Marzia anaika sefa pansi.

"Iwe Ilenia, wakhala ukudziwa kuyambira liti?"